Kusankha logo ndi mfuwu ya operating system ya open source

Gulu lathu linali laling'ono: aphunzitsi awiri a za makompyuta, mnyamata wokonza malaputopu ku Old Town, ndi ena angapo ongomaliza kumene sukulu. Tinkakumana Loweruka masana ku Area 25, kunyumba kwa mnzathu amene anali ndi sola, ndipo ntchito yathu inali kukonza Linux (operating system, ndiye kuti pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta) yopepuka yoti iziyenda pa makompyuta akale amene masukulu amalandira ngati thandizo. Pa code, malangizo olembedwa amene kompyuta imatsata, tinkamvana bwinobwino. Chimene chinatsala pang'ono kutimwaza ndi logo. Tinakokanakokana miyezi iwiri, pomaliza n'kusankha chithunzi chokongola cha mitundu isanu ndi umodzi. Tsiku limene tinakapangitsa chidindo, papepala panangotuluka chidontho chakuda chosadziwika mutu wake. Kuwonjezera apo, amene anajambula anasamuka ndi fayilo yake, ife n'kutsala ndi kachithunzi kozimiririka kamene tinkatumizirana pa WhatsApp.

Tinayambiranso, ndipo zimene ndikulemba pano ndi njira imene tinatsata ulendo wachiwiriwo. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti mu ntchito ya open source, momwe code ili poyera kuti aliyense aione, aisinthe ndi kuigawira ena, logo imachoka m'manja mwanu tsiku lomwe mwaitulutsa. Idzasindikizidwa ndi anthu amene simukuwadziwa, pa makina amene simunawaonepo, mwina ndi inki yotsala pang'ono kutha. Choncho zambiri zofunika zimachitika munthu asanagwire pensulo.

Choyamba: lembani kuti system yanuyi ndi ya yani

Khalani pansi nonse, mulembe ziganizo zitatu zokha: ndani adzaigwiritsa ntchito, idzamuthandiza chiyani, ndipo ikusiyana pati ndi zina zimene zilipo kale. Musapitirire mpaka aliyense atavomereza ziganizozo. Ife titachita izi tinazindikira kuti theka la gulu linkaganiza za mwana wa Fomu 2 wa ku Mitundu, theka lina linkaganiza za akatswiri anzawo a pa intaneti. Mkangano wonse wa logo unkachokera pamenepo. Pepala limeneli mudzalifuna pa gawo lililonse lotsatira, chifukwa wina akati "ine sichikundisangalatsa", mudzamufunsa kuti chikuphwanya chiganizo chiti.

Chachiwiri: umwini ndi layisensi, musanaitane wojambula aliyense

Apa ndi pamene magulu ambiri amadumpha, chonsecho ndi pamene pamadzaluma. Munthu akajambula chithunzi, mwini wake ndi iyeyo, ngakhale atakupatsani mwaulere, ngakhale ali mbale wanu. Lamulo la kuno la Copyright Act la 2016 limateteza ntchito zotere, ndipo bungwe la COSOMA, loona za umwini wa ntchito zaluso, limene likulu lake lili mu Lilongwe momwe muno, ndi loyenera kulifunsa mukasokonezeka. Popanda pepala losainirana, wojambula atha kudzuka mawa n'kunena kuti chotsani chithunzi changa, inu mutasindikiza kale malaya ndi masitika.

Nkhani za magulu akuluakulu zimaphunzitsa bwino. Tux, kambalame ka penguin kamene kamaimira Linux, anakajambula ndi Larry Ewing mu 1996 pogwiritsa ntchito pulogalamu yojambulira ya GIMP, ndipo chilolezo chake ndi chofewa kwambiri: gwiritsani ntchito, sinthani, koma wina akafunsa mutchule amene anajambula ndi pulogalamu imene anajambulira. N'chifukwa chake Tux ali paliponse, ena amuveka chipewa, ena mbendera. Mbali inayi kuli nkhani ya Firefox, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti. Mu 2006 a Debian, gulu lopanga mtundu wina wa Linux, ndi a Mozilla, eni ake a Firefox, anasemphana pa za dzina ndi logo, popeza logoyo sinali pansi pa layisensi yomasuka ndipo a Mozilla anali ndi malamulo awo pa kagwiritsidwe ntchito ka dzinalo. Zotsatira zake, a Debian anasintha dzina la pulogalamuyo kukhala Iceweasel, ndipo zinakhala choncho mpaka 2016. Zaka khumi anthu akutsegula pulogalamu yomweyo ndi dzina lachilendo, chifukwa cha kachithunzi.

Pali zinthu ziwiri zimene muyenera kuzisiyanitsa m'mutu. China ndi ufulu wokopera chithunzicho, chimene layisensi ngati CC BY-SA ya Creative Commons imakonza bwino: aliyense atha kukopera ndi kusintha, bola atchule mwini ndi kugawa zosinthazo pa layisensi yomweyo. China ndi ufulu wonena kuti "ichi chachokera kwa ife", chimene chimatetezedwa ndi trademark, umwini wa dzina kapena chizindikiro cha malonda. Mutha kumasula choyambacho n'kugwiritsitsa chachiwiricho, ndipo ine ndimalangiza zimenezo. Simukufuna kuti munthu aike mapulogalamu oba mapasiwedi mu system yanu, aimate logo yanu, azigulitsa pa fulashi mu msika wa Tsoka ngati ndi yochokera kwa inu. A Debian anathetsa izi pokhala ndi ma logo awiri: kachizindikiro kozungulira kofiira kamene aliyense atha kugwiritsa ntchito, ndi ina yokhala ndi kabotolo pansi yosungidwira ntchito za gulu lenilenilo. Kwa gulu laling'ono, tsamba limodzi lofotokoza zololedwa ndi zoletsedwa ndi lokwanira poyambira. Ntchito ikakula, kalembetseni chizindikirocho ku ofesi ya boma yolembetsa zizindikiro za malonda motsata lamulo la Trademarks Act la 2018.

Gwirizananinso kuti mwini adzakhala ndani. Ngati gulu silinalembetsedwe, sankhani anthu awiri kapena atatu osunga umwiniwo m'malo mwa onse, ndipo mulembe chochitika mmodzi akachoka.

Chachitatu: fufuzani dzina

Logo imatsatira dzina, ndiye onetsetsani kuti dzinalo lilibe mwini. Lifufuzeni pa intaneti, pa DistroWatch pamene pamalembedwa mitundu ya Linux ndi BSD (banja lina la ma operating system), komanso pa GitHub, pamene anthu amasunga code yawo. Dziwani kuti mawu akuti Linux ndi trademark ya Linus Torvalds, ndipo Ubuntu ndi ya kampani ya Canonical, imene ili ndi malamulo ake kwa omanga pamwamba pa system yawo. Ngati mwatenga mtundu wa Linux ngati Ubuntu kapena Fedora n'kuusintha, werengani malamulo awo, chifukwa nthawi zambiri amafuna kuti muchotse ma logo awo musanagawire ena.

Chachinayi: chojambulacho chikhale chiyani

Magulu ambiri a open source amakonda zinyama, ndipo inunso mudzakopeka. Koma nyama iliyonse kuno ili ndi mbiri yake. A openSUSE, mtundu wina wa Linux, ali ndi bilimankhwe wobiriwira wotchedwa Geeko, ndipo kwawoko amaoneka wansangala. Kuno ambiri tinakula tikumva kuti Chauta anatuma bilimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzaukanso, iye n'kuzengereza panjira mpaka buluzi anamupitirira ndi uthenga wa imfa. Alipo akuluakulu amene safuna ngakhale kumuyandikira. Ndiye nyama yodziwika ndi kuchedwa, muiike pa system imene mukulonjeza kuti ndi yothamanga? Kadzidzi, amene kunja amaimira nzeru ndipo amamuika pa mabuku a sukulu, kuno akalira padenga anthu sagona. Fisi musamuganizire n'komwe. Kalulu ndi wochenjera, inde, koma kuchenjera kwake ndi kopusitsa anzake, ndipo si mbiri yabwino kwa system imene anthu adzasungiremo mayeso ndi ndalama za sukulu.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha FreeBSD, operating system ina ya open source. Kwa zaka zambiri ankadziwika ndi Beastie, kamunthu kofiira ka nyanga, mchira ndi foloko ya mano atatu. Kwa eni ake kanali nthabwala chabe ya mawu akuti daemon, amene ndi mapulogalamu oyenda chamseri mu system. Koma anthu ena sankaona nthabwala, ndipo kachithunziko kanali ndi tizinthu tambiri tovuta kusindikiza. Mu 2005 anachititsa mpikisano, napambana Anton Gural ndi logo ya mpira wofiira wokhala ndi tinyanga tiwiri, Beastie n'kutsala ngati chidole cha gulu. Tangoganizani kulowa ndi kamunthu ka nyanga ku sukulu ya mishoni, kapena pamsonkhano wa makolo ku Kawale. Mphekesera za satanizimu zimayenda msanga kuposa kufotokoza kwanu konse, ndipo mphunzitsi wamkulu sadzaika ntchito yake pachiswe chifukwa cha inu. A NetBSD, system ina ya banja lomwelo, nawonso mu 2004 anasiya chithunzi chawo chakale cha tiziwanda tokweza mbendera, natenga mbendera ya olenji yopepuka. Phunziro lina m'nkhaniyi ndi lakuti logo ndi chidole cha gulu ndi zinthu ziwiri. Chidole chitha kukhala ndi maso, nsapato ndi nthabwala. Logo ikhale yoti mwana aijambule pamchenga ndi chala.

Ndale ndi dzenje lina. Tambala wakuda ndi wa MCP, chimanga ndi mtundu wabuluu ndi za DPP, chikasu ndi manja ogwirana ndi za UDF, olenji amakumbutsa anthu PP. Manja ogwiranawo ndi amene ojambula ambiri amathamangira akamva mawu akuti mgwirizano, ndiye achenjezeni msanga. Sindikunena kuti mitundu imeneyi ndi yoletsedwa, pakuti mukatero mutsala opanda mtundu. Chofunika ndi kupewa kuphatikiza mtundu ndi chithunzi m'njira yoti munthu wodutsa pa Malangalanga aone malaya anu n'kuganiza kuti mukuchokera ku msonkhano wa chipani. Mbendera ya dziko ndi chizindikiro cha boma, chija cha mkango, kambuku ndi nkhwazi, zimatetezedwa ndi lamulo la Protected Flag, Emblems and Names Act, choncho musazikopere. Ndipo amene amakumbukira mmene anthu anakhumudwira mbendera itasinthidwa mu 2010, mpaka kubwezeretsedwa mu 2012, akudziwa kuti chizindikiro chikalowa anthu mumtima sichisinthidwa mwachisawawa. Sankhani chimene mungakhale nacho zaka khumi.

Za Gule Wamkulu ndinenepo mwachindunji, chifukwa pa mpikisano uliwonse wa mu Lilongwe wina amabweretsa chigoba kapena kasiyamaliro. Ndi zokongola, ndipo UNESCO inazindikira gule ameneyu mu 2005. Koma zili ndi eni ake, ndi za kudambwe, ndipo kuziika pa sitika yomata pa laputopu kudzakhumudwitsa olowa gule komanso ena a mipingo nthawi imodzi. Zisiyeni.

Nanga chotsala n'chiyani? Zambiri. Yang'anani zinthu za pakhomo zimene zili ndi maonekedwe osavuta komanso tanthauzo logwirizana ndi ntchito yanu. Nkhokwe ndi chitsanzo chimene ine ndimachikonda: denga la nsonga, thupi lozungulira, timiyendo pansi, ndipo tanthauzo lake ndi malo amene banja limasunga zokolola n'kumatapamo, monga momwe system imatapira mapulogalamu ku repository, malo osungirako mapulogalamu pa intaneti. Pali mafuwa atatu a pamoto, amene limodzi likachoka mphika sukhala. Pali kalukidwe ka mphasa kapena lichero, mlambe, mtondo ndi munsi, njuchi. Logo ya Ubuntu ndi anthu atatu ogwirana mozungulira owaonera kumwamba, ndipo mphamvu yake ili pa kugwirizana ndi dzina, limene ndi umunthu womwewu umene ife timaudziwa. Chithunzi ndi dzina zikamanena chinthu chimodzi, munthu saiwala.

Pa mitundu, iwiri ndi yokwanira. Osindikiza malaya amalipiritsa mtundu uliwonse pawokha, ndiye mtundu wachitatu ndi ndalama zimene mukanagula mafulashi. Musadalire kusiyana kwa kufiira ndi kubiriwira kokha, chifukwa alipo anthu, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi.

Chachisanu: mpikisano kapena wojambula mmodzi

Mpikisano umakoka anthu ndipo umapangitsa gulu kumva kuti logo ndi yawo. Kuipa kwake ndi kwakuti anthu makumi awiri amagwira ntchito, mmodzi yekha n'kupindula. Ngati muli ndi kandalama, kulemba wojambula mmodzi waluso kuti abweretse zojambula zitatu n'kumakonza pamodzi nanu kumabala zabwino koposa. Ngati mulibe, chititsani mpikisano koma munene poyera kuti mphoto ndi yotani, ngakhale ikhale dzina lake mu system ndi malaya awiri. Osanamiza munthu kuti adzatchuka.

Malamulo a mpikisano akhale pa tsamba limodzi. Muikemo ziganizo zitatu zija, tsiku lotsekera, layisensi imene wopambana adzasainire, ndi mawu akuti ntchitoyo ndi yakeyake, sanaitape pa intaneti. Afunseni anene ngati agwiritsa ntchito AI, chifukwa umwini wa zithunzi zotere ndi wokayikitsa ndipo nthawi zina zimafanana ndi za ena. Fayilo ikhale ya SVG, imene imakula ndi kuchepa osaphwanyika, ndipo Inkscape imaipanga popanda kulipira kalikonse. PNG kapena JPG yokha musalandire. Zilembo za dzina zichokere ku font (kalembedwe ka zilembo) ya layisensi yomasuka, monga za SIL Open Font License, ndipo muone ngati ili ndi chilembo cha ŵ, popeza alipo amene amalembabe Malaŵi motero ndipo system ya Chichewa siyenera kuwakaniza. Perekani masabata anayi kapena asanu ndi limodzi. Yochepera apo mupeza zothamangira, yopitirira apo anthu aiwala.

Chachisanu ndi chimodzi: yesani musanakonde

Zojambula zikabwera, musayambe ndi kufunsana kuti yokongola ndi iti. Zidutsitseni kaye pa mayeso awa, ndipo yolephera ichoke ngakhale ikhale ya wapampando.

Ichepetseni kufika pa mapikiselo 16 m'litali ndi 16 m'lifupi, kukula kwa kachizindikiro ka pa browser. Ngati sikudziwikanso, yagwa. Isindikizeni yakuda pa pepala loyera, kenako yoyera pa pepala lakuda, ndipo pepalalo mulipange fotokope kawiri, kopi ya kopi, monga zimachitikira ndi makalata a kusukulu. Ionetseni pa monita yakale ya mitundu yofooka, yomwe ana adzagwiritse ntchito, komanso pa foni yotsika mtengo padzuwa la masana. Itembenuzeni chadodolido ndi cham'mbali, chifukwa zojambula zina zikazondoka zimaonetsa zinthu zochititsa manyazi zimene mwini wake sanaganizire, ndipo ana a sekondale adzaziona tsiku loyamba. Ifufuzeni ndi Google Lens kapena TinEye kuti muone ngati ilipo kale kwina.

Yeso lomaliza ndi la anthu. Tengani mapepalawo mupite nawo kwa amene sadziwa kalikonse za Linux. Ife tinapita kwa mayi wina wogulitsa tomato pafupi ndi depoti, tinamupatsa moni n'kumupempha kuti, "Amayi, tationereniko, apa mukuona chiyani?" Pa chojambula chimene ambiri a ife tinkachikonda, chosonyeza dzuwa likutuluka pa kiyibodi, anayang'ana kanthawi n'kuyankha kuti, "Bambo, ichi si chisa cha nkhuku?" Pa cha nkhokwe sanachedwe n'komwe. Musawafotokozere kaye, ingofunsani n'kukhala chete. Mukatha, bisani pepalalo, mucheze nkhani zina mphindi zisanu, muwapemphe ajambule zimene akukumbukira. Imene ambiri aijambula mofanana ndi imene ili ndi moyo.

Chachisanu ndi chiwiri: mfuwu

Mfuwu ndi timawu tochepa toyenda ndi logo, tonena chimene mukulonjeza. Onani za ena. Ya Debian ndi "The universal operating system", kunena kuti ndi ya ntchito iliyonse ndi makina alionse. Ubuntu inayamba mu 2004 ndi "Linux for human beings", Linux ya anthu wamba, pa nthawi imene ambiri ankaiona ngati ya akatswiri okha. FreeBSD imati "The power to serve", ndipo mawu omalizawo akukhudza kutumikira komanso ma server, makompyuta otumikira makompyuta ena, amene system imeneyi imadziwika nawo. Ya NetBSD, "Of course it runs NetBSD", ikunyadira kuti imayenda pa makina amitundumitundu. Iliyonse ikunena chinthu chimodzi, ndipo chinthucho ndi choona.

Langizo langa lalikulu ndi ili: ilembeni m'Chichewa kuyambira pachiyambi. Mukayamba ndi Chingerezi n'kumasulira, mupeza chiganizo chachitali chopanda mchere chimene palibe angachinene pakamwa. Ya Chingerezi, ngati mukuifuna, ilembedwe payokha, inene mfundo yomweyo m'njira yake.

Chichewa chili ndi mwayi umene Chingerezi chilibe. Olankhula Chingerezi ali ndi mawu amodzi, free, ndipo akhala zaka akufotokoza kuti akunena za ufulu, osati za mtengo. Ife tili ndi ulere ndi ufulu, mawu awiri osiyana. Sankhani mwadala. Mawu akuti "yaulere" amakopa msanga, koma amabwera ndi kakayikiro, pakuti ambiri amaganiza kuti chaulere ndi chotsalira kapena chili ndi msampha. Komanso mu Lilongwe muno anthu ambiri anazolowera kuikiridwa Windows yosalipira layisensi kwa okonza makompyuta, ndiye ulere si nkhani yatsopano kwa iwo. Chatsopano ndi chakuti system iyi ndi yololedwa kukopera, imadzutsa kompyuta imene inatayidwa, ndipo mutha kuisintha kuti ilankhule chinenero chanu. Mfuwu ichokere pamenepo.

Njira yake ndi iyi. Aliyense alembe mfuwu khumi payekha, osakambirana, chifukwa mukayamba ndi kukambirana onse amatsatira wolankhula kwambiri. Ziphatikizeni, muchotse zonse zopitirira mawu asanu. Chotsaninso zimene kampani ya foni, banki kapena bungwe lililonse lingathe kunena osasintha kanthu. "Tsogolo lili m'manja mwanu" ndi "Limodzi tingathe" zagwa pamenepa, pakuti tazimva pa zikwangwani zambirimbiri. Zotsalazo zinenedwe mokweza, ngati mukuitanira minibasi kapena mukulengeza pa wailesi. Lilime likapunthwa, ichoke. Mwa zimene ife tinalemba, "Kompyuta yakale idzukenso" inali yoona ndi yomveka, koma ina inatiposa mphamvu: "Ndi yanu, isintheni". Mawu atatu, ndipo akunena chimene open source ili popanda kutchula code. "Tsegulani, onani, konzani" inali ndi kayimbidwe kabwino, koma aphunzitsi ena anati ikumveka ngati system imabwera yowonongeka kale, ndipo ananena zoona.

Samalani ndi mawu amene polemba amafanana koma ponena amasiyana. Wina anabweretsa "Mtengo wa tonse" poganiza za mlambe wa pa logo yake, koma owerenga ankafunsa kuti mtengo wake ndi ndalama zingati. Miyambi nayo imakopa. "Mutu umodzi susenza denga" ikugwirizana kwambiri ndi ntchito yothandizana, koma mwambi ndi wa aliyense, mabungwe ambiri anaugwiritsa kale ntchito, ndipo sudzakumbutsa munthu za inu. Mutha kubwereka kamangidwe ka mwambi, kufupika kwake ndi kugundana kwa mawu, n'kupanga zanuzanu. Pomaliza ipatseni kwa anzanu olankhula Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe ndi Chisena, amene mu mzinda uno sasowa, akuuzeni ngati mawu ena akumveka mwina kwawo. Ndipo musalonjeze zimene simungakwanitse. "Yopanda ma virus" ndi bodza limene tsiku lina lidzakutsatani.

Chachisanu ndi chitatu: kusankha

Musaponye zojambula zonse pa gulu la WhatsApp kuti anthu avote. Amene ali ndi abale ambiri ndiye adzapambane. Komiti ya anthu atatu kapena asanu, mmodzi mwa iwo wodziwa zojambula ndi mmodzi wochokera kwa ogwiritsa ntchito, isefe kaye n'kusiya zitatu kapena zinayi zimene zadutsa mayeso onse. Mayina a ojambula abisidwe, zikhale ndi manambala okha. Gwirizananitu kuti ovota ndi ndani, ndipo yankho labwino ndi onse amene anagwirapo ntchito: olemba code, omasulira, oyesa, aphunzitsi amene analola makompyuta awo kuyeserapo.

Aliyense asanje zojambulazo kuyambira imene waikonda koposa mpaka yomaliza, m'malo mosankha imodzi yokha. A Debian amavota mwa njira yosanja chonchi pa zisankho zawo, ndipo ubwino wake ndi wakuti imapambana ndi imene ambiri angakhale nayo, osati imene kagulu kochepa kaikonda kwambiri pamene ena onse akuida. Muikemonso mwayi wakuti "palibe mwa izi". Ukapambana umenewo, yambiraninso popanda manyazi. Logo ndi mfuwu zivoteredwe padera, kenako muziike pamodzi muone ngati zikuyenderana. Olephera muwathokoze ndi mayina awo ngati alola, chifukwa mudzawafuna pojambula ma icon ndi zithunzi za pa desktop.

Chomaliza: kuziika m'malo mwake

Wopambana asaine pepala la layisensi tsiku lomwelo, musanalengeze. Fayilo ya SVG ilowe mu repository ya gulu pamodzi ndi code, osati mu laputopu ya munthu mmodzi, ndipo zilembo zake zisandutsidwe mizere, chimene Inkscape imachita ndi Object to Path, kuti zisasinthe pa kompyuta yopanda font imeneyo. Konzani mitundu inayi ya fayilo: ya mitundu yonse, yakuda, yoyera, ndi ya chizindikiro chokha popanda dzina. Lembani manambala enieni a mitundu kuti wosindikiza asamangoyerekeza ndi maso.

Mu system momwemo, ikani zonse za logo mu package yakeyake, monga a Fedora amachitira ndi fedora-logos, kuti wofuna kumanga pamwamba pa ntchito yanu achotse mosavuta n'kuikamo yake. Sinthani dzina ndi logo mu fayilo ya /etc/os-release, pa sikirini yoyambira ya Plymouth, pa GRUB (posankhira system kompyuta ikamayaka), pa installer (pulogalamu yoikira system) ndi pa malo olowera. Mukatha, ikani system yonse pa kompyuta yopanda kanthu, muiyatse, muyang'ane sikirini iliyonse kuyambira poyaka mpaka pozima. Ife tinapeza logo ya system imene tinamangirapo itabisala m'malo atatu, amodzi mwa iwo pa uthenga wotuluka batire ikatsala pang'ono kutha. Mukatsimikiza kuti zonse zili bwino, pitani kwa osindikiza ndi fayilo ya SVG pa fulashi, mupemphe sitika imodzi yoyesera, ndipo muione ndi maso anu musanalipire zana.